MANKHWALA A KHUNYU AKAMUSINTHA MTIMA M'BALE WAKO

Malemba: 1 Mafumu 19:1-18, Mateyu 4:24, Marko 9:14-27

Kulikonse kumene mawu awa akukupezani, kaya muli pa Mwanza boma, kaya kwa Kanduku, kwa Nthache, kwa Govati, kaya ku Thambani, kaya ndinu adalaivala muli pa boda mukudikira mapepala kuti muwolokere ku Zobue, mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Amayi amene muli pamoto, sendezani wailesiyo pafupi. Abambo musachoke, nkhani ya lero ikukukhudzani inunso.

Uthenga wa lero ndakhala ndikuuzengereza kwa nthawi yaitali, chifukwa mkati mwake muli kulakwa kwanga. Koma m'busa amene amangolalikira zolakwa za ena, zake nkumabisa, ameneyo sanayambe kulalikira. Ndiye mundilole ndiyambe ndi za m'nyumba mwathu.

Mlongo wanga ali ndi mwana wamwamuna. Ine ndine malume ake, ndipo mukudziwa kuti kwathu kuno mawu a malume salowa m'khutu limodzi nkutulukira linalo. Mwanayu ali ndi zaka 6 anadwala malungo aakulu, anagonekedwa m'chipatala, Mulungu anachita chifundo anachira. Patapita miyezi ingapo anayamba kugwa. Akugwa, thupi kuuma, kuphupha, thovu kukamwa, akadzuka osadziwa chimene chachitika. Kuchipatala anati ndi khunyu, ndipo anamupatsa timapiritsi totchedwa phenobarbitone, kumwa madzulo alionse. Kugwa kuja kunachepa ndithu, mpaka tinayamba kuwerenga miyezi osagwa. Tinayamika Mulungu.

Koma mwana anasintha. Anali mwana wofatsa, woti ukamutuma amathamanga. Anasanduka wosakhazikika, wolusa, kumenya anzake popanda chifukwa, kulira pa kanthu kakang'ono, kutaya mbale ya nsima pansi. Aphunzitsi anayamba kuitanitsa makolo. Mayi ake anamukwapula mpaka anatopa. Agogo ake anati mwanayu amulodza. Pomaliza anabwera naye kwa ine, malume ake, m'busa, munthu wa satifiketi ya ku sukulu ya Baibulo. Ine ndinamuyang'ana nkunena kuti uwu ndi mzimu wa kusamvera. Tinachezera usiku wonse kupemphera, mwana osagona. Kutacha ndinati, "Achemwali, mwanayu wamasulidwa. Mapiritsi aja asiyeni, tisamukayikire Mulungu."

Abale anga, sipanathe sabata. Mayi ake akuphika phala m'mawa, mwana anagwa pafupi ndi mafuwa, dzanja lake nkulowa pamoto. Ndipo tsiku limenelo kuphupha sikunaleke msanga ngati kale. Kukati kuleke, kumayambanso. Anathamangira naye kuchipatala pa njinga yamoto. Adokotala atamuthandiza anafunsa kuti, "Mayi, anakuuzani ndani kuti musiye mankhwala?" Mlongo wanga anangoyang'ana pansi. Sananditchule. Ine ndinali chiimire pomwepo, Baibulo lili m'khwapa.

Kenaka adokotala aja anatikhazika pansi. Anati mankhwala amenewa ndi abwino, koma ana ena amawapangitsa kukhala olusa ndi osakhazikika, ndipo ndi chinthu chodziwika. Anati, "Mukanangobwera kudzatiuza, tikanaona chochita." Anamusinthira mankhwala ena pang'onopang'ono. Mwana wathu anabwerera, kufatsa kwake kuja kunabwerera. Lero ndi mnyamata wamkulu, ali ku sekondale. Koma chipsera chili pa dzanja lake, ndipo ndikamupatsa moni ndimachigwira. Ndinamupepesa iye, ndinapepesa mayi ake, ndinalapa pamaso pa Mulungu. Ndiye lero ndikuti chimene chinachitika m'banja mwathu chisachitike m'banja mwanu. Amen!

Tiyeni timvetsetsane kaye. Khunyu, ena amati matenda akugwa, ndi matenda a mu ubongo. Ubongo wathu umatumiza mauthenga m'thupi ngati magetsi oyenda m'mawaya. Magetsi aja akasokonekera mwadzidzidzi, munthu amagwa, kapena amangoti duu kuyang'ana malo amodzi osayankha. Zoyambitsa zake nzambiri: malungo aakulu ngati a mphwanga uja, kuvutika pobadwa, kuvulala m'mutu monga pa ngozi za njinga zamoto zimene tikukwera opanda chipewa zija, matenda oumitsa khosi, sitiroko, ngakhale nyongolotsi ya nkhumba imene mazira ake amalowa m'thupi kudzera m'manja osasamba ndi zakudya zosasamalika. Ena chifukwa chake sichipezeka nkomwe. Khunyu sapatsirana. Malovu ake sangakupatsire, mpweya wake sungakupatsire, kudyera naye mbale imodzi sikungakupatsire. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni pa dziko lapansi ali ndi khunyu, ndipo mwa anthu 10 alionse, mpaka 7 akhoza kukhala osagwanso atapimidwa bwino ndi kumwa mankhwala moyenera. Mwamva? Mpaka 7 mwa 10! Ichi ndi chisomo cha Mulungu chimene chabwera kudzera pa windo la mankhwala.

Tsono mankhwala amenewa ntchito yake ndi kukhazika pansi magetsi a mu ubongo aja. Koma ubongo womwewo ndi umene umasunga chimwemwe, tulo, kuleza mtima ndi kukumbukira. Ndiye musadabwe kuti mankhwala ogwira ubongo nthawi zina amagwiranso mtima wa munthu. Si onse amene zimawachitikira, ambiri amamwa bwinobwino osaona vuto. Koma ena zimawachitikira, ndipo ndi amenewo ndikulankhula nawo lero.

M'zipatala zathu m'Malawi muno, mankhwala amene amaperekedwa kawirikawiri ndi phenobarbitone, carbamazepine, sodium valproate ndi phenytoin. Tengani buku lanu la kuchipatala muone dzina limene analemba. Phenobarbitone ndi mankhwala akale kwambiri, anayamba kuthandiza odwala khunyu m'chaka cha 1912 ku Germany, ndipo apulumutsa anthu osawerengeka. Koma akuluakulu ena amawapatsa tulo tambiri, thupi kulemera, maganizo kuchedwa, ena mpaka kukhumudwa kwenikweni. Ana ena amawachita zosiyana, monga ndakuuzirani za mphwanga. Carbamazepine ena amawapatsa chizungulire ndi kuwodzera, makamaka masabata oyamba. Sodium valproate ena amawanenepetsa, ena manja kunjenjemera, ndipo mtsikana amene thupi lake likusintha anzake nkumamuseka, mtima wake umapwetekanso. Palinso ena otchedwa levetiracetam, ambiri amawadziwa ndi dzina loti Keppra, amene abale athu a ku Joni amatha kutumiza pa basi zodutsa pa boda pathu pano. Amagwira ntchito bwino, koma amadziwika kuti anthu ena amawapatsa ukali, kupsa mtima msanga ngati moto wa pa udzu wouma. Ndipo m'chaka cha 2008, bungwe loona za mankhwala ku America linachenjeza kuti mwa anthu ochepa, mankhwala a khunyu akhoza kubweretsa maganizo ofuna kudzipha. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni ayi. Ndikufuna kuti zikachitika mudziwe chimene mukuona, musathamangire kuloza chala agogo a kuseri kwa nyumba.

Ndiwonjezere apa. Si kusintha kulikonse kumene kumachokera ku mapiritsi. Matenda enieniwo amatha kusokoneza mtima. Ena amakhala okwiyakwiya tsiku limodzi kapena awiri asanagwe, ena akagwa amakhala achisoni ndi osokonezeka kwa masiku angapo. Ndiye palinso katundu amene ife anthu timamusenzetsa wodwalayo: kumuchotsa sukulu, kumuthawa pa mjigo, kumukaniza banja, kumutchula maina. Munthu wotere akakhala chete pakona, kodi ndi mapiritsi okha? Nchifukwa chake kusiyanitsa zinthu zimenezi ndi ntchito ya a chipatala, mothandizana ndi inu amene mumakhala naye.

Tiyeni tipite ku Mawu a Mulungu. Mukawerenge nokha 1 Mafumu chaputala 19. Eliya, munthu wa Mulungu, wangochoka pa phiri la Karimeli kumene anaima yekha pamaso pa aneneri 450 a Baala, moto nkutsika kumwamba. Aleluya! Munthu wodzozedwa ngati ameneyo! Koma mawu amodzi a Yezebeli anamuthamangitsa. Anafika ku Beereseba, anasiya mnyamata wake kumeneko, analowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku lathunthu, nkukhala pansi pa kamtengo, nkupempha Mulungu kuti angomutenga afe. Mneneri wamkulu akufuna kufa! Ndikufunseni, kodi Eliya anali ndi chiwanda? Kodi anali atabwerera m'mbuyo?

Taonani chimene Mulungu anachita. Sanamudzudzule. Sanamuuze kuti ayambe kusala kudya. Anamusiya agone. Mngelo anamukhudza nkumupatsa mkate ndi madzi. Anadya, anagonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi chakudya. Mulungu anayamba wasamala thupi la mtumiki wake, chifukwa Iye ndi amene analiumba ndipo amadziwa kuti thupi likafooka mtima umafookanso. Atafika ku Horebu, Mulungu anamufunsa funso nkumusiya alankhule zonse za kukhosi. Anamuuza kuti sali yekha, alipo anthu 7,000 amene sanagwadire Baala. Pomaliza anamupatsa Elisa woti aziyenda naye. Tulo, chakudya, khutu lomumvera, ndi mnzake woyenda naye. Umu ndi mmene Mulungu anachitira ndi munthu wosweka mtima. Nanga ife tikuchita bwanji ndi athu?

Tamvera m'bale wanga, tamvera mlongo wanga, iwe amene ukumwa mapiritsiwa ndipo sukudzizindikiranso. Umadzuka m'mawa mtima uli lemu, osafuna kuona munthu. Nyimbo zimene unkaimba ndi misozi ya chimwemwe lero sizikukukhudza. Wakalipira mkazi wako pa nkhani ya mchere, kenaka wakalira kuseri. Satana akukunong'oneza kuti Mzimu Woyera wakuchokera. Ndikukuuza m'dzina la Yesu, limenelo ndi bodza. Chikondi cha Mulungu pa iwe sichiyezedwa ndi mmene ukumvera lero m'mawa. Chimene chakugwira chili ndi dzina, a chipatala amachidziwa, ndipo pali chochita.

Tsopano tengani cholembera. Ndikupatsani zinthu zoti muchite, ndipo ndizinena pang'onopang'ono.

Choyamba, musasiye mankhwala panokha. Ndibwereze: musasiye mankhwala panokha, musachepetse panokha, musadumphitse masiku. Ubongo ukazolowera mankhwala amenewa nkuwachotsa mwadzidzidzi, kugwa kumabwerera ndi mphamvu, nthawi zina kogwa mobwerezabwereza osatsitsimuka, ndipo kumeneko kumapha. Ngakhale akuuzeni ndi ndani, kaya ndi sing'anga, kaya ndi mneneri wa pa wailesi, kaya ndi malume anu ngati ine, yankhani mwaulemu kuti mukafunsa kaye kuchipatala.

Chachiwiri, gulani kope la sukulu. Lembani tsiku limene munayamba mankhwala, ndi tsiku limene anakuwonjezerani kapena kukusinthirani. Tsiku lililonse lembani mawu ochepa: lero ndagona bwanji, ndakwiya kapena ayi, ndalira kapena ayi, ndagwa kapena ayi. Ngati simutha kulemba, mwana wa sukulu akulembereni, kapena ingojambulani mizere. Kope limenelo lidzaonetsa ngati ukali unayamba pamene mankhwala anayamba, kapena umabwera pafupi ndi masiku ogwa. Tulo ndi chizungulire nthawi zambiri zimachepa thupi likazolowera pakatha masabata angapo. Koma chisoni chimene sichikuchoka, kapena ukali umene ukuwononga banja, musachidikire kuti chitha chokha.

Chachitatu, kanenani. Vuto lathu Amalawi ndi ulemu wopitirira. Timayenda mtunda wautali, tafika kwa adokotala, akutifunsa kuti zikuyenda bwanji, ife nkuti, "Bwinobwino adokotala, sindikugwa." Basi, talandira mapiritsi, tabwerera ndi katundu wathu yemwe uja. Iyayi! Nenani kuti kugwa kwaleka koma mtima wanga suli bwino. Nenani kuti mwanayu chiyambireni mankhwalawa akumenya anzake. Mutenge munthu amene mumakhala naye, chifukwa iye amaona zimene inu simuona. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu, kaya ku Kunenekude, kaya ku Thambani, kaya pa chipatala chachikulu cha Mwanza, ndipo mufunse kuti mukumane ndi amene amaona za khunyu ndi za maganizo. Iwo akhoza kusintha mlingo, kusintha nthawi yomwera, kukusinthirani mtundu wina pang'onopang'ono, kapena kukupatsani thandizo la kukhumudwako. Zikafunika amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Ndipo kutumizidwa ku Zomba si chilango, si kunena kuti mwapenga.

Mukapita, muwauze mankhwala ena onse amene mukumwa. Phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amatha kufooketsa mapiritsi olerera ndi kolerera koika pamkono kaja, ndiponso amasemphana ndi ma ARV ena. Azimayi ndi atsikana amene mukumwa sodium valproate, mankhwala amenewa akhoza kuvulaza mwana wa m'mimba, ndiye kambiranani ndi adokotala musanatenge pathupi. Ngati mwazindikira kuti muli ndi pathupi kale, musasiye nokha, pitani msanga mukawauze. Ndipo inu amene achibale akutumizirani mankhwala kuchokera ku Joni, kawaonetseni kaye kuchipatala musanayambe kumwa.

Chachinayi, samalani thupi monga Mulungu anasamalira la Eliya. Muzigona mokwanira, chifukwa kusagona ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimadzutsa khunyu ndi kuwonjezera ukali. Apa ndilankhule ndi ife a mipingo ya Chipentekoste. Timakonda mapemphero ochezera, ndipo ndi abwino. Koma m'bale wa khunyu apemphere nafe chigawo choyamba, amwe mankhwala ake pa nthawi yake, akagone. Mulungu sagona, adzamva pemphero lake ngakhale iye ali m'tulo. Nthawi ya kusala kudya, mapiritsi sasalidwa. Imwani ndi madzi, ndipo ngati kukhala ndi njala kumakudwalitsani, idyani, Mulungu amaona mtima. Mowa usiyeni, kachasu ndiye musamuyandikire. Mowa ukakumana ndi phenobarbitone umagonetsa munthu tulo toopsa, umadzutsa kugwa, ndipo chisoni umachikulitsa. Muzituluka panja, muzigwira ntchito zimene mungathe, kaya ndi kupalira manachesi, kaya ndi kugulitsa pa msika, muzikhala pa anthu. Koma pamoto, pa chitsime, pa mtsinje ndi pamwamba pa mtengo musakhale nokha. Mapiritsi akatsala a sabata imodzi, pitani mukatenge ena, musadikire kuti athe.

Chachisanu, pali zinthu zosadikira kuti kuche. Munthu akayamba kunena kuti kuli bwino ndingofa, kapena kuti ndakutopetsani, kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika, musamuseke ndipo musamukalipire. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamutsegulira khomo loti alankhule. Musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe, mapiritsi ake asunge munthu wina azimupatsa a tsiku limenelo okha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi akatuluka zidzolo thupi lonse, zilonda m'kamwa kapena m'maso, thupi nkutentha, makamaka masabata oyamba a mankhwala atsopano: thamangani nayeni tsiku lomwelo. Akagwa nkupitirira mphindi 5 akuphupha, kapena akugwa mobwereza osatsitsimuka, thamangani nayeni. Pempherani muli pa njira. Pamene wagwa, muchotseni pafupi ndi moto, ikani chitenje kumutu, kuphupha kukaleka mugonekeni cham'mbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka bwino.

Tsopano ndilankhule ndi inu a pabanja. Mayi, mwamuna wanu amene wangoti zii, osakusekererani, mwina si kuti wapeza wina. Bambo, mkazi wanu amene akugona mpaka dzuwa kukwera, mwina si ulesi. Makolo ndi aphunzitsi, mkwapulo suchotsa mankhwala m'magazi a mwana. Ukali ukayamba, musabwezere mawu. Tulukani kaye, mupatseni mpata, mudzakambirane mtima ukatsika. Gwirizanani mawu amodzi oti iye akamva kuti kukubwera azinena, monga akuti "ndipume kaye," ndipo akatero mumusiye. Koma ndinene izinso poyera: mankhwala si chilolezo chomenyera mkazi kapena ana. Ngati pafika pomenya, amayi tengani ana mukhale pamalo otetezeka, dziwitsani ankhoswe ndi a chipatala, ndipo zikapitirira pitani ku polisi. Ndipo iwe m'bale, mtima ukatsika bwerera ukapepese. Kupepesa sikutanthauza kuti ndiwe woipa, ndi kumanga pamene pagumuka. Inu osamalira odwala, nanunso mumatopa. Musachite manyazi kupempha achibale kuti akulandireni masiku ena.

Ndikumva wina akuti, "Abusa, nanga Marko chaputala 9? Kodi mwana uja ankagwera pamoto ndi m'madzi, Yesu sanatulutse mzimu woipa mwa iye?" Inde anatulutsa, ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wanga wonse. Koma Yesu ankadziwa chimene ankaona. Ine, usiku uja ndi mphwanga, sindinkadziwa, ndinangoganiza. Mukawerenge Mateyu 4:24, pamene akutchula anthu amene anabwera nawo kwa Yesu. Ogwidwa ndi mizimu akuwatchula paokha, akhunyu akuwatchula paokha. Lemba silikuti aliyense wogwa ali ndi chiwanda. Ndiponso taonani mu Marko 9 momwemo, Yesu asanachite kanthu anayamba wafunsa bambo wa mwanayo kuti zimenezi zinayamba liti. Anafunsa, anamvetsera. Ine sindinafunse nkomwe kuti mwanayu wasintha liti. Ndikanafunsa, mlongo wanga akanandiuza kuti chiyambireni mapiritsi.

Kodi ndikunena kuti Mulungu sachiritsa? Ayi ndithu! Mulungu wathu amachiritsa, ndipo ndipitiriza kusanjika manja pa odwala mpaka tsiku limene adzandiitane. Koma kumbukirani kuti Yesu atachiritsa akhate anawatumiza kwa ansembe, amene pa nthawi imeneyo ndiwo ankayeza khate, kuti akawaone. Kumbukirani mfumu Hezekiya. Mulungu anamuwonjezera zaka 15, komabe mneneri Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali dokotala. Ndiye ngati ukukhulupirira kuti wachiritsidwa, aleluya, pitiriza kumwa mankhwala ndipo pita ukadzionetse. Munthu akatha zaka 2 kapena kuposerapo osagwa, adokotala amatha kuona ngati nkoyenera kuyamba kuchepetsa pang'onopang'ono. Chozizwitsa chenicheni sichiopa kupimidwa. Amen!

Atumiki anzanga, abusa, alaliki, atsogoleri a amayi ndi achinyamata, ndikukupemphani ngati munthu amene anagwapo m'dzenje limeneli. Munthu akabwera kwa inu kuti mtima wake wasintha, mufunseni ngati akumwa mankhwala alionse ndi kuti anayamba liti. Musaike munthu wa khunyu pakati pa bwalo, anthu akumukuwira, ena akumujambula pa foni. Musamuchotse m'kwaya chifukwa anagwa tsiku lina pa guwa. Mupempherereni mwakachetechete, kenaka mupezereni wa njinga womuperekeza kuchipatala. Ngati mpingo uli ndi thumba la zachifundo, ndalama ya thiransipoti ya m'bale wopita kukatenga mankhwala ichokere mmenemo. Mukhale Elisa wake.

Tiyeni tipemphere. Ngati mankhwala anu ali pafupi, agwireni m'dzanja. Ngati wodwalayo ali pafupi, mugwireni dzanja, musaope.

Atate wathu wakumwamba, Mulungu wa Eliya, ndikubweretsa kwa Inu mwana wanu amene akumva mawu awa mtima wake uli wolemedwa. Inu mumadziwa ubongo wake, Inu munauumba. Mukhudzeni monga munakhudzira mtumiki wanu m'chipululu. Mupatseni tulo tabwino usiku uno. Chotsani manyazi amene amutseka pakamwa, kuti akafika kuchipatala akanene zonse. Apatseni nzeru madokotala ndi anamwino athu kuti apeze mankhwala ndi mlingo womuyenera. Limbikitsani mayi amene watopa, bambo amene wasowa chochita, mwana amene wakwapulidwa pa chinthu chimene sanachifune. Kumene mawu aukali aswa banja, bweretsani kukhululukirana. Amene akuganiza zochotsa moyo wake usiku uno, Ambuye, mutumizireni munthu pakhomo pake, ndipo mupatseni mphamvu yoti auze wina kusanache. Tikhululukireni ife atumiki anu pamene tinalankhula m'dzina lanu zinthu zimene simunatitume. M'dzina la Yesu Khristu ndapemphera. Amen.

Okondedwa, nthawi yathu yatha. Ngati mukudziwa banja limene lili ndi wodwala khunyu ndipo alibe wailesi, mawa mukawachezere mukawafotokozere zimene mwamvazi. Iwe amene ukumwa mankhwala, usaiwale a usiku uno, ndipo kope lija uliyambe lero. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Ambuye akudalitseni ndi kukusungani.